Kathumba Komwe Ndinasoka Ndekha

Kathumba komwe kandibweretsera mavuto onsewa ndinakasoka ndekha, ndi manja angawa, ndipo ndinadutsitsa ulusi kawiri kuti kasang'ambike msanga. Ndiye musandifunse kuti ndakwiyira ndani. Ndakwiyira aliyense, kuyambira ine ndemwe.

Ine ndine telala. Kashopu kanga kali kumapeto kwa mzere wa masitolo, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi, yemwe tonse timamutcha Kawayilesi chifukwa akangodzuka palibe batani lomuzimitsira. Bambo ake, dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu, anachoka mwanayo asanamere mano, n'kudula phazi. Kuchokera nthawi imeneyo ine, mwana ndi amayi timakhala m'nyumba ya achimwene, ndipo pakhomopo mawu omaliza ndi awo.

Mnyamata wina wochita kafukufuku, yemwe ndimamutcha Wamagalasi, anafika ku shopu kwanga chaka chatha atanyamula kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi. Ankafuna ndimusokere timalaya ta ana, kalikonse kokhala ndi kathumba pachifuwa koikamo kachipangizoko.

"Kamatola mawu," anandifotokozera. "Mwana akavala tsiku lonse, kamasunga zomwe wanena ndi zomwe wamva. Kenako kompyuta imasanthula. Tikufuna tidziwe momwe ana amaphunzirira zining'a."

"Zaka zonsezo kusukulu mumaphunzira zimenezi?"

"Tangoganizani," anatero akukankhira magalasi m'mwamba. "Palibe amene amakhazika mwana pansi n'kumuuza kuti kupsa mtima si kupsa ndi moto. Koma tsiku lina mumangomva akunena yekha, pamalo pake penipeni. Anamva kangati? Anamva kwa yani? Ife tikufufuza zimenezo."

Ndinamuseka, nayenso anadziseka, ndipo kuyeza timalayato kunatenga maulendo ambiri kuposa momwe timalaya ta ana timafunikira. Chaka chisanathe anali atandifunsira, ine ndinali nditalola, ndipo ndinali nditasokera Kawayilesi kamalaya kakekake kachikasu.

* * *

Achimwene sanamukonde Wamagalasi kuyambira tsiku loyamba. Ankati mwamuna wongokhala pampando n'kumawerenga zobwebweta za ana sangasunge banja. Pa nkhani ya ukwati anangoti "tiona," ndipo "tiona" wa achimwene munthu ukhoza kukalamba naye. Koma za kachipangizo anachita kukana ataimirira.

"Iwe, ukufuna kulowetsa khutu la mlendo m'nyumba mwanga?"

Wamagalasi anabwera yekha kudzawachonderera. Anakhala kumphepete kwa mpando, manja ali pamaondo.

"Achimwene, khutu la munthu silidzamva ngakhale liwu limodzi. Imamva ndi kompyuta yokha, ndipo iyo sidziwa dzina la munthu. Imangolemba kuti uyu ndi mkazi woyamba, uyu mkazi wachiwiri, uyu mwamuna woyamba. Ife timangoona manambala."

"Mukulumbira?"

"Ndikulumbira."

"Chabwino. Koma tsiku lomwe ndidzamve kuti khutu la munthu lamva za m'nyumba muno, musadzapondenso pano, ndipo za mlongo wangayu mudzaiwale."

Poti ine ndi Wamagalasi tinali pachibwenzi, malamulo a kuntchito kwawo sankamulola kugwira zonse zokhudza Kawayilesi. Anazipereka kwa mnzake wa mu ofesi, mtsikana wamtali yemwe ine ndimamutcha Gogoda, chifukwa nsapato zake zimafika mwini wake asanafike. Tsiku lina ndinamuona akuchotsa kaulusi pa kolala ya Wamagalasi, kaulusi komwe ine telala sindinakaone. Ndinadziwa pomwepo kuti mbuzi yasungitsidwa kwa fisi, koma ndinatseka pakamwa kuopa kuoneka wansanje.

* * *

Lachiwiri lapitali, ndikupinda m'munsi mwa diresi ya kasitomala, foni inalira. Uthenga wa Wamagalasi unali wouma gwa: *Tikumane ukaweruka. Pali nkhani.* Panalibe "wokondedwa," panalibenso kufunsa ngati ndadya.

Ndinamupeza pa kamalo kathu komwera tiyi, pa tebulo la pakona lomwe mwendo wake umodzi amauchirikiza ndi katoni. Tiyi wake anali atazizira. Sanandikokere mpando.

"Mwamuna wachiwiri ndi ndani?" anafunsa ndisanakhale n'komwe.

"Mwamuna wachiwiri wa chiyani?"

"M'nyumba mwanu muli mwamuna mmodzi, achimwene ako. Koma mwezi uno kompyuta yapeza mawu a mwamuna wina. Amabwera masana, amakhalitsa, ndipo Kawayilesi amamukhala pafupi kwambiri, mwina pamiyendo. Mwanayo waphunzira kwa iye chining'a chatsopano. *Ndagwira mwendo wanu.* Ndani amene akugwira mwendo m'nyumba mwanu, ndipo akugwira wa yani?"

Zoona zake n'zakuti dalaivala uja anali atabwerera. Anatulukira mwezi watha ndi kachidole m'manja, n'kuyamba kumabwera masana achimwene akakhalapo, kudzapepesa kuti tibwererane. Achimwene anamulandira ngati wabwera ndi mvula, n'kumamutchanso "alamu" pamaso panga. Ine ndinali nditamukana, ndipo sindinamuuze Wamagalasi chifukwa sindinkafuna kumudwalitsa mutu ndi munthu yemwe mumtima mwanga ndinamukwirira kalekale. Kawayilesi ndiye anatola mawuwo. Ataswa kapu sabata yatha anayang'ana amayi n'kunena kuti, "Agogo, ndagwira mwendo wanu," tonse n'kufa nazo kuseka.

Koma pa tebulo lija kuseka kunalibe.

"Wamvetsera," ndinatero.

"Sindinamvetsere. Ndinangoona pa kompyuta."

"Unaona bwanji poti za mwana wanga sukuyenera kuziona?"

Anayang'ana m'kapu. "Anandionetsa mnzanga uja. Anati pali mwana wina yemwe watola chining'a chovuta msanga, ndibwere ndione. Nditaona zaka zake ndi anthu a m'nyumbamo, ndinadziwa."

"Ndipo utadziwa unatseka?"

Anazunguliza kapu ija pa tebulo.

"Unatseka kapena unapitiriza kuwerenga?"

"Ndinapitiriza. Koma iwe, tayankha funso langa."

"Ndiyankhe funso lako? Unalumbira pamaso pa achimwene, manja ali pamaondo ngati mwana wa kwaya. Lero ukundiuza kuti khutu silinamve, laona ndi diso, ngati diso ndi khutu zili pa mitu iwiri. Wakhala ukusuzumira m'nyumba mwathu kudzera pachifuwa pa mwana wanga, ndiye ukufuna ine ndikhale woimbidwa mlandu?"

"Ndiye kuti zoona alipo."

"Alipo. Ndi bambo a mwana. Anabwera kudzapepesa, ndinawakana. Ukanandifunsa ngati munthu, ndikanakuuza ngati munthu."

"Mwezi wathunthu, ndipo sunandiuze?"

"Ndipo iwe kompyuta yako ikanapanda kukutsina khutu, ukanadziwa liti kuti sundikhulupirira?"

Mayi wogulitsa tiyi anali atasiya kupukuta makapu kuti amve bwino. Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka, ndipo mpando womwe sanandikokere uja unatsala momwe unalili.

* * *

Mauthenga anayamba kugwa ndisanafike pokwerera basi. *Pepa.* Kenako, *Ndinalakwa kuona.* Kenako, *Koma nawenso ukanandiuza.* Wachitatuwo ndi womwe unandipsetsa mtima koposa, chifukwa munthu wopepesa sabwera ndi "koma" m'thumba. Sindinayankhe ngakhale umodzi.

M'mawa mwake ndinamuvula Kawayilesi kamalaya kachikasu kaja, iye akulira kuti ndi ka ankolo ake, n'kukaponya m'chikwama pamodzi ndi kachipangizo. Shopu sindinatsekule. Ndinalunjika ku ofesi kwawo.

Chipinda chawo ndi chachitali, chozizira, chodzaza makompyuta, ndipo pakhoma anapachikapo timalaya tomwe ndinasoka ine, mwa mzeremzere. Wamagalasi kunalibe. Ndinapeza Gogoda akuzungulira pa mpando wa matayala.

"Ee, atelala athu," anatero akumwetulira. "Pali kathumba kang'ambika?"

"Munamuonetseranji za mwana wanga?"

"Ine? Ndinangosangalala ndi ntchito, mayi. Mwana wa zaka zinayi kunena chining'a chotere pamalo pake n'zosowa. Sindinaganize kuti azindikira kuti ndi wanu."

"Simunaganize."

"Ntchito yathu ndi yovuta kuimvetsa kwa anthu akunja." Anayang'ana zikhadabo zake. "Koma musapse mtima kwambiri. Mwina zakuthandizani kusankha. Paja munapempha nthawi yoti muganize kaye. Mwaganiza?"

Mawu amenewo ndinawanenadi, kamodzi kokha, m'chipinda chochezera, tsiku lomwe achimwene ndi dalaivala anandipanikiza mpaka ndinasowa mtengo wogwira. Ndinati, "Ndipatseni nthawi ndiganize kaye," kuti angondisiya ndipume. Kawayilesi anali pamiyendo panga. Mawu amenewo si chining'a, ndipo manambala sakanamuuza Gogoda zimenezo.

"Inu mwamvetsera," ndinatero. "Ndi makutu anuwo."

Nkhope yake inasintha pang'ono, ngati munthu woponda ponyowa. Nthawi yomweyo chitseko chinatsekuka kumbuyo kwanga. Wamagalasi anali ataima pamenepo ndi mapepala m'manja, ndipo anali atamva.

"Wamvetsera?" Wamagalasi anamufunsa Gogoda. Mawu ake anali otsika. "Ukudziwa kuti zimenezi zikhoza kutseketsa kafukufuku yense?"

"Ndimayesa ngati kachipangizo kakutola bwino. Tonse timatero nthawi zina."

"Ine sindinachitepo."

Kwa kamphindi mtima wanga unafewa. Ndinati apa ndiye mwamuna wanga waima. Koma anatembenukira kwa ine, maso atafiira kuseri kwa magalasi, n'kufunsa kuti, "Unanenadi kuti uganiza kaye?"

Abale, mkazi wamvetsera zinsinsi za m'nyumba mwathu, lumbiro laphwanyika pakati, ukwati wathu walendewera pa ulusi umodzi, ndipo chomwe chamupweteka iye ndi chimenecho. Ndinatulutsa kamalaya kaja n'kukaponya pa tebulo.

"Fufutani zonse za mwana wanga. Lero lomwe."

"Tadikira kaye," anatero Wamagalasi. "Za Kawayilesi ndi zomwe zili zofunika kuposa za ana onse. Ndi iye yekha amene tamutsatira kuyambira asanadziwe chining'a ngakhale chimodzi. Tikazifufuta, zomwe ndakhala ndikulemba zonse zigwa."

"Ndiye sankhani. Mwana wanga si munda wanu."

Anatsekula pakamwa, n'kutsekanso. Kuzengereza kwakeko kunali kwa kamphindi chabe, koma ine ndinakuona, ndipo Gogoda nayenso anakuona. Ndikutuluka ndinamva mpando wa matayala uja ukuzunguliranso.

* * *

Tsiku lonse ndinasoka ngati wolumidwa ndi mavu. Ndinasokerera dzanja la malaya kumbuyo, ndinathyola singano, ndinakalipira wometa tsitsi chifukwa cha wayilesi yake yomwe amaliza tsiku lililonse ine osadandaula. Koma mumtima ndinali nditamanga mfundo imodzi: achimwene asamve. Ine ndi Wamagalasi tikhoza kukangana mpaka mawu kutha, tikhoza kugwirizananso. Koma achimwene akangomva kuti khutu la munthu lamva, zathu zonse tidzakhala talemba m'madzi.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Chigalimoto cha dalaivala chinali chitatseka theka la msewu. Pakhomo panali nsapato zake zazikulu zija, zoikidwa bwinobwino ngati za mwini nyumba.

M'chipinda chochezera achimwene anali pa mpando wawo wa pafupi ndi zenera, foni ili pa tebulo. Dalaivala anali atanyamula Kawayilesi pamiyendo. Amayi anali pakona, atayang'ana kukhoma, mpango utaphimba theka la nkhope.

"Khala pansi," anatero achimwene.

"Kwagwanji?"

"Ndati khala pansi. Masanawa ndalandira kanthu pa foni, kuchokera ku nambala yomwe sindikuidziwa. Ndikufuna umve nawe."

Anadina foni. Poyamba kunamveka kupuma kwa mwana, pafupi kwambiri, ndi kukhwekhwereza kwa nsalu. Kenako kunamveka mawu a amayi. Ankayankhula motsitsa, akulira, momwe amachitira akamagoneka Kawayilesi masana m'chipinda mwawo akuyesa kuti palibe akumva. Ankayankhula ndi malemu bambo athu.

"Munandisiyiranji, bambo a ana? Ndatopa kukhala ngati mlendo m'nyumba ya mwana wanga yemwe. Ndimachita kuopa kutsokomola. Mwana ndinabereka ndekha, lero ndimamuyendera chonyang'ama."

Achimwene anazimitsa. Amayi anakokera mpango uja mpaka kumaso, ndipo mapewa awo ankagwedezeka. Mayi wanga, yemwe sanayambe wadandaulapo pamaso pa munthu, anali atavulidwa pamaso pa mwana wake ndi pamaso pa mwamuna yemwe anandithawa. Ndipo kathumba komwe kanawavula kanali kanga.

"Amayi, pepani," ndinatero.

Sanatembenuke.

"Ndinakuuza," anatero achimwene. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Ndinakuuza kuti usalowetse khutu la mlendo muno. Lero ndamva zomwe mayi anga amandiganizira, ndipo ndazimva kuchokera kwa anthu a kunja. Ndani wina wamva? Angati akuseka nazo?"

"Achimwene, si iye watumiza. Ndi mkazi wa ku ofesi kwawo. Amamufuna, ndipo akufuna kutilekanitsa. Ndamugwira lero lomwe."

"Analumbira ndani muno? Mkaziyo?"



"Alamu, ine sindifuna zambiri," analowererapo dalaivala, akusisita mutu wa Kawayilesi ngati anamulera ndiye. "Koma mwana wanga sangamayende ndi makina pachifuwa ngati galimoto ya kampani. Anandifunsa ndani ine bambo wake?"

"Tikanakufunsirani kuti?" ndinamulumphira. "Mwanayu akumera mano munali kuti? Akudwala chikuku munali kuti? Lero mwabwera ndi kachidole kamodzi mwasanduka bambo?"

"Iwe, tseka pakamwa," anatero achimwene. "Pano walakwa ndiwe."

Foni yanga inalira m'chikwama. Ndinaitulutsa. Anali Wamagalasi.

*Ndafufuta zonse za Kawayilesi, kuyambira tsiku loyamba. Palibe chatsala. Ntchito ipite, iwe usapite. Ndili pa geti panu, ndabwera kudzawauza ndekha achimwene.*

Misozi inandilengeza. Chitsiru changa chokondedwa chinali chitasankha, ndipo chinali chitasankha ine. Ndinapereka foniyo kwa achimwene ndi manja awiri.

"Onani. Wataya ntchito yake yonse chifukwa cha ife. Munthu woipa angachite zimenezi?"

Achimwene anawerenga pang'onopang'ono, n'kubwerezanso. Kenako anaika foni yanga pambali pa yawo.

"Wati mkazi wa ku ofesi ndiye watumiza?"

"Eya."

"Ndipo tikanadziwa bwanji kuti ndi iyeyo?"

"Kompyuta yawo imasunga. Anandiuzapo kuti aliyense akatsekula za mwana, zimalembedwa pomwepo kuti watsekula ndani."

"Zimalembedwa pomwepo," anabwereza achimwene. "Pa zomwe wafufutazo."

Dalaivala anaseka chapansipansi.

"Masana mawu a amayi atuluka, madzulo munthu wasesa mapazi ake onse," anatero achimwene. "Ndipo iwe ukuti ndimuombere m'manja."

Kunja geti inagogodwa, mofatsa, momwe amagogodera iye. Kawayilesi anadumpha pamiyendo pa bambo ake.

"Ankolo abwera. Amama, ankolo abwera ndi kamalaya kanga."

Dalaivala anamugwira padzanja n'kumubweza. Ine ndinali nditaimirira kale, dzanja lili pa chitseko.

"Pita ukamutsekulire ngati ukufuna," anatero achimwene. "Sindikugwira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo zotsatira zake usenza wekha. Ukangomulowetsa munthu ameneyo, mwanayu akwera galimoto ya bambo ake lero lomwe, ndipo ine sindidzaima pakati. Ndatopa kusunga mwana yemwe mayi ake amamugwiritsa ntchito ngati khutu la chibwenzi."

Ndinayang'ana amayi. Ndi iwo okha amene akanatha kuwabweza achimwene, monga ankachitira nthawi zonse zinthu zikafika povuta. Liwu lawo limodzi likanakwana.

"Amayi," ndinawaitana. "Amayi, nenanipo kanthu."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana pachifuwa pa Kawayilesi, pamalo pomwe pankakhala kathumba paja, kenako anandiyang'ana ine.

"Ine m'nyumba muno sindidzayankhulanso," anatero, n'kubwezera nkhope kukhoma.

Geti inagogodwanso.